Kudziwa mayunitsi a magetsi omwe nyumba imadya patsiku

Kuti mudziwe ngati mayunitsi omwe mwagula afika kumapeto kwa mwezi, konzani kope, cholembera ndi mita yanu ya ESCOM.

1. Sankhani nthawi imodzi, monga 6 koloko m'mawa, mulembe mayunitsi otsala.
2. Chitani zimenezi masiku 8 motsatizana, nthawi yomweyo. Mukawerenga lero m'mawa, mawa usiku, manambala asokonekera.
3. Pa nambala yoyamba chotsani yomaliza: mwachitsanzo, 70 kuchotsa 28 kutsala 42. Ngati munagula mayunitsi pakatipa, awonjezereni kaye pa yoyambayo.
4. Gawani ndi 7, osati 8. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: mwawerenga ka 8, koma padutsa masiku 7 okha. Pa chitsanzo chija, avareji ndi mayunitsi 6 patsiku.

Muno mu Lilongwe muyezenso mu Juni ndi Julayi, chifukwa kukazizira giza imadya kwambiri.