Musanajambulitse tattoo yoyamba, tsatani njira iyi

Chaka chatha mphwanga wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu anabwera kunyumba atavala juzi masana dzuwa likuswa mtengo. Nditamuumiriza kuti avule, ndinapeza mkono uli ndendende kutupa, ndipo pamene analembapo dzina la mayi ake pankatuluka mafinya. Anamujambula ndi mnzake m'chipinda cha lendi, ndi kamakina kopanga yekha ka mota ya wailesi, singano yosokera ndi inki ya bolopeni. Anachira, koma dzina lija lero ndi chipsera chosawerengeka. Ine sindiletsa munthu tattoo, pakuti ngakhale agogo athu ankatema mphini zokongoletsa. Chimene chimandiwawa n'kuona ana athu akupereka khungu lawo kwa munthu amene sanamuonepo akugwira ntchito.

Yambani ndi thupi lanu lomwe. Yang'anani zipsera zakale: cha katemera pamkono, pamene munaboola khutu, pamene munapsa muli mwana. Ngati chipsera chinakula n'kukhala chotupa cholimba, chonyezimira, chopitirira pamene panali bala, ndiye kuti thupi lanu limapanga zimene achipatala amati keloid. Vutoli ndi lofala kwa ife akhungu lakuda, makamaka pachifuwa, pamapewa ndi kumsana. Mukapeza chotere, tattoo isiyeni, kapena kaonaneni kaye ndi dokotala. Odwala shuga nawonso afunse kaye chifukwa mabala awo amachedwa kupola, ndipo amayi oyembekezera adikire.

Kenako pitani kwa wojambulayo, koma ulendo woyambawu ndalama musiye kunyumba. Mukupita kukaona basi. Mupempheni kuti mukhale pambali pamene akujambula wina. Singano ya tattoo imalowa mamilimita 1 mpaka 2 m'khungu, kambirimbiri, ndipo magazi amatuluka. Singano yomwe yagwira munthu wina ingathe kukupatsani HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa, choncho singano yadzulo yooneka yoyera si yoyera ayi. Kuipukuta ndi sipiriti kapena kuiwotcha pa kandulo sikukwanira.

Onetsetsani kuti singano akuitulutsa m'paketi yomata inu mukuona, ndipo akamaliza akuitaya. Inki azithira m'kachibekete kakang'ono ka munthu mmodzi, yotsala n'kutaya, osati kuviika singano m'botolo lalikulu. Lezala lometera ubweya likhale latsopano. Magolovesi avale atsopano, ndipo apa penyetsetsani: ambiri amavala ndithu, koma foni ikalira amayankha ndi magolovesi omwewo n'kubwereranso pabala. Zitsulo zogwiritsanso ntchito ziyenera kuphikidwa m'makina a nthunzi otchedwa autoclave, ofika madigiri 121. Funsani mwaulemu kuti, "Achimwene, zitsulozi mumatsuka bwanji?" Wodziwa ntchito amakondwa ndi funso limeneli n'kukuonetsani. Akakwiya, tsanzikani.

Mupemphenso zithunzi za ntchito yake itapola, ya pakhungu ngati lanu. Zithunzi za pa Facebook zambiri amajambula tsiku lomwelo, inki idakali kuwala, ndipo zina si zake n'komwe.

Tsopano chojambulacho. Chijambuleni papepala, muchimate pakhoma pafupi ndi bedi, mukhale nacho mwezi wathunthu. Dzina la chibwenzi ine ndimati ayi. Ngati ndi mawu, kaya a Chichewa, Chitumbuka kapena Chingerezi, apatseni anthu awiri awerenge kalembedwe kake. Pakhungu lakuda, mizere yakuda yokhuthala imaoneka bwino zaka zambiri. Tizilembo ting'onoting'ono timafalikira n'kuphatikana, ndipo inki yofiira ndi imene imayabwitsa anthu kuposa mitundu ina. Za malo, yoyamba ikhale pamene malaya amaphimba. Ngati mumalakalaka usilikali, upolisi kapena unamwino, fufuzani kaye malamulo awo. Ganiziraninso za kunyumba ndi kutchalitchi, kumene ena amatsegula Levitiko 19:28 nkhaniyi ikabuka. Ndi bwino kudziwiratu chimene mudzayankhe. Kufufuta tattoo kumafuna makina a laser, ophwanya inki ndi kuwala kwamphamvu, maulendo angapo, n'kodula kwambiri kuposa kujambulitsa, ndipo pakhungu lathu kungasiye mawanga.

Sankhani nthawi mwanzeru. Ngati anzanu akonza zokasambira ku Chikale ku Nkhata Bay pa Khrisimasi, musajambulitse mu Disembala, chifukwa bala la tattoo silifuna kuviikidwa m'madzi kwa masabata 2 mpaka 4. Nyengo yozizira ya kuno ku Mzuzu, mu Juni ndi Julaye, ndi yabwinoko poti thukuta limachepa, bola pansi pa juzi muvale malaya a thonje otakasuka kuti ubweya wa juzi usamate pabala. Tsikulo idyani nsima mukhute. Mowa musamwe kuyambira dzulo lake, aspirin musamwenso, pakuti zonsezi zimachulukitsa magazi otuluka.

Mukafika kunyumba, sambani m'manja musanakhudze balalo. Muzilitsuka kawiri patsiku ndi madzi owiritsa atazizira ndi sopo wopanda fungo, n'kuliumitsa pongolikhudza pang'onopang'ono ndi kansalu koyera osalisisita, kenako kupaka mafuta amene wojambula wakuuzani, pang'ono chabe. Patapita masiku angapo liyamba kuyabwa ndi kusupuka. Musakande, nkhanambo musamatule, zigwe zokha.

Kufiira ndi kupweteka masiku awiri oyamba n'kwachibadwa. Koma kutupa kukamakula tsiku lachitatu, mafinya akamatuluka, kapena thupi likamatentha, pitani kuchipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo, osati kukagula makapisozi kugolosale. Ndipo mukazindikira mochedwa kuti singano ija inagwirapo munthu wina, thamangirani kuchipatala maola 72 asanakwane mukapemphe PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndipo mukawauzenso za hepatitis B.