Mmene mungathirire mankhwala otereretsa m'matope obowolera mjigo

Kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, mukangopyola dothi lapamwamba mumakumana ndi mwala wolimba, n'chifukwa chake ambiri amabowola ndi hamala ya mpweya. Koma m'madambo ndi kuchigwa cha Luangwa, cha ku Mambwe, kuli dongo ndi mchenga wogumuka, ndipo kumeneko kumafunika matope obowolera, omwe pampu imawatsitsa m'dzenje n'kubwereranso pamwamba. Mapaipi akamakhulana ndi khoma la dzenje, biti (chitsulo chobowolera cha kunsonga kwa mapaipi) imagwira kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, makina onse n'kumanjenjemera. Mankhwala otereretsa amachepetsa zimenezi, komatu pokhapokha matopewo akonzedwa bwino.

Yambani ndi madzi. Yezani pH (muyezo wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi), ndipo ngati ili yotsika, thirani ufa wa soda ash pang'ono mpaka ifike pakati pa 8.5 ndi 9.5. Musanyozere izi. Madzi a laimu wambiri salola bentonite, dongo la ufa lokonzera matopewo, kufufuma, ndipo mankhwala otereretsa amangoundana n'kumayandama pamwamba, ndalama zanu n'kupita pachabe.

Kenako thirani bentonite pang'onopang'ono pampu ikuzunguliza madzi. Mudikire mphindi 20 mpaka 30 kuti afufume. Polima, mankhwala olimbitsa matope, abwere pambuyo pake. Mukatero yezani kulimba kwa matope ndi fanelo ya Marsh: madzi okhaokha amatsika m'masekondi 26, pomwe matope obowolera mumchenga amafuna masekondi 35 mpaka 45.

Otereretsa ndiwo amalowa pomaliza. Musanathire, onani pomwe muvi wa geji ya mphamvu yozunguzira mapaipi waima, mulembe. Yambani ndi theka la lita pa malita 100 aliwonse a matope, ndipo muzithira pafupi ndi paipi yokokera ya pampu kuti asakanikirane msanga. Alekeni atsike pansi ndi kubwerera, muonenso geji ija. Ngati muvi watsika, basi akwanira. Ngati sunasunthe onjezerani pang'ono, osapyola mlingo womwe walembedwa pachigubu.

Makina akapitiriza kunjenjemera musathamangire kuthira ena. Chepetsani kukanikiza biti, muwonjezere liwiro lozungulira. Fosholoni mchenga wodikha m'dzenje la matope, chifukwa ukabwerera pansi umadya pampu ndi mapaipi ngakhale mutathira mankhwala ochuluka bwanji.

Chomwe ndikupemphani kwambiri, abale anga obowola, ndi ichi: oilo wakuda wa mu injini ndi dizilo zisalowe m'dzenje la mjigo. Ndikudziwa kuti n'zotchipa ndipo zimapezeka pafupi, koma madziwo adzamwa ndi ana a m'mudzimo, ndipo mafuta akalowa m'mitsempha ya madzi pansi pa nthaka, kuwachotsa n'kovuta zedi. Gulani otereretsa opangidwa ndi mafuta a zomera, omwe opanga ake alemba kuti ndi oyenera pa zitsime za madzi akumwa. Inunso eni mjigo, funsani kuti muone chigubucho ndi maso anu, pamodzi ndi laisensi ya wobowolayo yochokera ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi m'Zambia.

Mukaika mapaipi a chitsime ndi timiyala tosefera, tsukani ndi mpweya mpaka madzi atuluke oyera, opanda mchenga. Thirani klorini, ndipo madziwo akayezedwe anthu asanayambe kutunga.