Mtsikana akayamba kunyamulira zigawenga katundu, mumubweze bwanji?

Ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, pomwe ukangowoloka msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Mwana wa achimwene anga, wa zaka 16, anatulukira ndi foni yatsopano pomwe bambo ake ndalama ya feteleza inkawavuta. Tinati ndi chibwenzi basi. Chinalidi chibwenzi, koma mnyamatayo ankamusenzetsa dengu la kabichi kuti akalitule kutsidya, pansi pake pali chamba. Anyamata otere amasankha atsikana dala, chifukwa mwana wamkazi wovala chitenje, dengu lili pamutu, palibe amamuyang'ana kawiri.

Mukayamba kukayika, musamukalipire. Achimwene anagwira ndodo, mwana anathawa masiku atatu, ndipo anathawira kwa yemweyo. Ine ndinadikira tsiku lina tikusankha mbatata zowola, ndinangoti, “Mwana wanga, mayunitsi amakugulira ndani?” Anakhala chete, kenako anati, “Azakhali, ndikanena andipha.” Mukamva mawu amenewo dziwani kuti si zachibwenzi ayi, mwana wagwidwa pakhosi.

Chachiwiri, fufuzani za SIM kadi. Apa ndi pomwe makolo ambiri timagona. Manambala a foni masiku ano amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo chiphasocho munthu amatenga akakwana zaka 16. Wathuyu anamuuza kuti alembetse nambala yachiwiri, yomwe inkakhala m'thumba la mnyamatayo. Ndalama za malondawo zinkadutsa pa Airtel Money ya nambala imeneyo. Apolisi akanalondola, dzina lotuluka likanakhala la mwana. Pitani naye limodzi kuofesi ya kampani ya foni mukatseketse nambalayo, koma mauthenga a mufoni mwake musafufute, ndi umboni umenewo.

Katundu akapezeka m'nyumba musakataye kumunda, komanso musakabweze nokha kwa eni ake. Mnyamatayo musamuyitanire pabwalo kuti alipe mbuzi. Ali ndi anzake kumbuyo omwe simukuwadziwa. Pitani kupolisi mukafunse ofesi ya Victim Support, yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena yambani mwayimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Nenani zaka zake poyamba penipeni. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo nkhani yake imayendetsedwa mosiyana ndi ya munthu wamkulu.

Mufunsenso ngati anamutumapo kukopa anzake. Wathuyu anali atauzidwa kale kuti apeze atsikana awiri a “ntchito ya m'nyumba ku Joni”. Kumeneko ndi kugulitsa anthu, ndipo lamulo la 2015 limati wozembetsa mwana atha kukhala kundende zaka 21. Mtsikana amene amayamba ngati wotumidwa amadzapezeka ali m'gulu la oyimbidwa mlandu.

Pomaliza tinamuchotsa pa Lizulu. Anapita kwa agogo ake ku Nsipe, tinamupezera malo pasukulu ina, nambala yatsopano akuidziwa anthu anayi okha. Miyezi iwiri yoyamba sankandiyankhula. Mnyamata uja amadutsabe pa benchi langa ndi njinga yamoto, ndipo tsiku lina anayima n'kufunsa mtengo wa ndowa ya kachewere. Ndinamuuza mtengo, sanagule.