Zomata za Spitfire zinkaphwanyika m'madzi

Achimwene pobwera kuchokera ku Johannesburg anandigulira pepala la zomata zoyamba zaviikidwa m'madzi, zomata pa kachifanizo ka ndege yankhondo ya Spitfire ka 1/72 (kochepa maulendo 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), zizindikiro za ndege za asilikali a South Africa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndinkazifuna chifukwa kadontho ka pakati pa chizindikiro chawo chozungulira n'kaolenji, pomwe ka RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, n'kofiira. Koma pepalalo linali lakale. Moyera monse munali mutachita chikasu, ndipo chomata choyamba chitangolowa m'madzi chinaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Mtima unandiwawa, poti kuno ku Kasungu kulibe kogula zina.

Chikasucho chinatha ndi dzuwa. Ndinaika pepala m'jumbo yoonekera mkati n'kuimata pagalasi la windo, masabata awiri a Okutobala.

Kuphwanyikako ndiye kunandidya mutu. Ndinapopera vanishi wonyezimira papepala lonse, mopyapyala, kawiri, n'kulisiya tsiku lathunthu kuti liume. Vanishiyo amalumikiza zonse kukhala chinthu chimodzi, choncho chizindikiro chilichonse ndinachidula ndi lumo m'mphepete mwenimweni ndisanachiviike m'madzi ofunda. Chinatsetsereka chathunthu.

Paphiko lakumanzere chomata china chinatuwa ngati siliva, chifukwa penti wosanyezimira amasunga timpweya pansi pa chomata. Ndinachibaya ndi singano malo angapo, n'kudonthezapo viniga wosungunula ndi madzi, kenako kupsinja pang'onopang'ono ndi kansalu konyowa. Phiko lakumanja ndinayamba ndalipaka vanishi ndisanamate, ndipo silinavute.