Kuchepetsa Mizere Yodzaza pa GPS ya Boti mu Mtsinje wa Shire

Oyendetsa maboti a injini ku Chiromo, Makhanga ndi Nsanje, makamaka amene mumawolotsa anthu ndi katundu kapena kupulumutsa anthu madzi akasefukira, dziwani kuti GPS, makina oonetsa pamene muli ndi njira imene mwayenda, ikadzaza ndi mizere yakale ikhoza kukusocheretsani. Makinawa amajambula mzere paliponse pamene boti ladutsa, ndipo mizereyo ikapanda kufufutidwa, pakatha miyezi ingapo sikirini imaoneka ngati ukonde wopiringizika, moti simungathe kusiyanitsa njira ya dzulo ndi ya chaka chatha.

Kuno kuchigwa vutoli ndi lalikulu chifukwa Shire ndi Ruo sizikhazikika. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola magombe ndi kuunjika mchenga pamene kale panali pakuya. Choncho mvula ikatha, yendani ulendo umodzi masana, pang'onopang'ono, wina akuyeza kuya kwa madzi ndi nsungwi kutsogolo kwa boti. Mzere wa ulendo umenewu ndiwo muusunge, muupatse dzina la doko ndi mwezi, ndipo ina yonse muibise kapena muifufute. M'dambo la Elephant Marsh, kumene namasupuni amatseka tinjira ta m'mabango, ntchitoyi muzichita pafupipafupi.

Makinawa alinso ndi malire. Mzere umapangidwa ndi madontho osonyeza pamene boti ladutsa. Makina ambiri a m'manja a kampani ya Garmin amasunga madontho 10,000 pa mzere umene ukujambulidwa, ndipo akadzaza amaleka kujambula kapena amayamba kufufuta madontho oyambirira, malinga ndi mmene anatcheredwera. Atchereni kuti aziika dontho potengera mtunda umene mwayenda osati nthawi, kuti asadzaze pamene boti langoima padoko kudikira anthu.

Ngati boti lanu lili ndi AIS, chipangizo chimene chimaonetsa maboti ena pa sikirini kudzera pa wailesi ya VHF, bisani pa sikirinipo maboti akutali ndi oima, musiye okhawo amene akukuyandikirani. Kumbukirani kuti AIS wamba ya Class B, mtundu wa maboti ang'onoang'ono, imalengeza malo ake pa masekondi 30 aliwonse, ndipo boti likamayenda mochedwa kwambiri imatero pa mphindi 3, kotero chimene mukuona pa sikirini chikhoza kukhala chakale. Mabwato opalasa a asodzi alibe chipangizochi, ndipo mvuu sizionekamo, n'chifukwa chake tikulimbikitsa kuti usiku ndi m'chifunga munthu mmodzi azikhala kutsogolo ndi tochi, akuuza woyendetsa zimene akuona pamadzi.