Foni yatsopano yatuluka, mugule kapena mudikire kaye? Umu ndi mmene ine ndimaunikira

Chaka chikangoyamba Samsung imatulutsa ma Galaxy S atsopano, ikafika Seputembala Apple imabwera ndi iPhone ina, pakatipo Google, Xiaomi, OnePlus, Tecno ndi anzawo nawonso amakhala akutulutsa zawo, nde mwezi sungathe osaona vidiyo ya munthu akutsegula bokosi kwinaku akukuwa kuti foni imeneyi palibe inzake. Ukaonera mavidiyo atatu anayi oterowo foni yako yomwe dzulo inali bwinobwino imangoyamba kukunyansa. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu chifukwa ndaona anthu akusiya foni yabwino n'kugula ina yomwe yangosiyana mtundu ndi kakhalidwe ka makamera kumbuyo basi, nde ndati ndikuuzeni zomwe ndimayang'ana nkhani ya foni yatsopano ikatuluka, ndalama isanachoke m'thumba.

Yambirani pa foni yomwe ili m'manja mwanuyo. Dzifunseni kuti kwenikweni ikukuvutitsani ndi chani, ndipo yankho likhale chinthu chogwirika, osati kungoti yakalamba. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi batire, ikufika masana yatha kale. Batire ya lithium imafooka ndi kutchajatchaja, ndi chibadwa chake, ndipo imasinthidwa. Pa iPhone lowani mu Settings, kenako Battery, muone Battery Health, ikakhala pansi pa 80 peresenti dziwani kuti vuto lanu ndi batire osati foni yonse. Ma Android ena atsopano nawonso amaonetsa zimenezi, ena sasonyeza koma mumadziwa nokha ikamazima ikadali pa 15 kapena 20. Ngati vuto ndi malo odzadza, chotsani kaye mavidiyo a pa WhatsApp omwe mwasunga zaka zitatu osawaonera muone ngati siipepuka. Mukachita zonsezi foni n'kumavutabe, apo nde tiyeni tikambe za yatsopano.

Chinthu choyamba chomwe ine ndimafufuza, ndisanaone n'komwe kamera, ndi choti foniyo izilandira ma apudeti kwa zaka zingati. Anthu ambiri salabadira zimenezi koma ndi zomwe zimanena kuti foni mukhala nayo mpaka liti. Ndinaphunzira movutika, ndinagulapo foni ina yokongola kwambiri, sikirini yabwino, batire yolimba, koma patangotha chaka ndi theka opanga anangoisiya osatumizanso apudeti iliyonse, kenako ma apu ena ofunika anayamba kukana kutseguka kuti Android yanga ndi yakale, chonsecho foniyo inalibe ngakhale mng'alu. Ma apudeti ali mitundu iwiri, pali yosintha Android kapena iOS yonse kupita pa nambala ina, ndiye pali ya chitetezo yomwe imatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowera, ndipo yachiwiriyi ndi yomwe simufunika kuisowa ngati mumasunga ndalama ndi ma pasiwedi pafoni.

Apa zinthu zasintha ndithu zaka zapitazi ndipo ndi nkhani yomwe ine imandisangalatsa kuposa zonse. Mu Okutobala 2023 Google inalonjeza zaka 7 za ma apudeti pa Pixel 8, mu Januwale 2024 Samsung inatsatira ndi zaka 7 pa Galaxy S24, ndipo ngakhale foni yawo yotsika ya Galaxy A16 5G anailonjeza zaka 6. Koma makampani ena mpaka pano amapereka zaka ziwiri zitatu, ena sanena n'komwe, nde mukaona kuti patsamba la foniyo sanalembe zaka, muziganiza kuti ndi zochepa, chifukwa amene ali ndi zambiri sabisa, amazilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Ndipo chonde werengani bwino, zakazo amayamba kuwerenga tsiku lomwe foni inatuluka, osati tsiku lomwe inu mwagula. Foni yolonjezedwa zaka 4 yomwe inatuluka mu 2023, mukaigula mu 2025 mwatsala ndi ziwiri zokha. Apa ndi pomwe ambiri amagwa akamathamangira foni yakale yomwe yatsika mtengo.

Kenako batire. Nambala ya mAh, yosonyeza kuchuluka kwa moto womwe batire imasunga, ndi yofunika inde, 5000 ndi yomwe mafoni ambiri a Android ali nayo, ndipo ena monga OnePlus 13 afika pa 6000 chifukwa cha mabatire atsopano osakaniza silicon ndi carbon omwe amasunga moto wambiri pamalo ochepa. Koma nambalayo payokha sikuuzani kuti foni izitha tsiku, zimadaliranso pulosesa (ubongo wa foni) ndi sikirini kuti zimadya moto bwanji, n'chifukwa chake iPhone yokhala ndi mAh zochepa imatha kulimbana ndi Android ya mAh zambiri. Nambala ina yomwe ndikufuna muzifunafuna ndi ya maulendo otchaja. Apple inanena kuti batire ya iPhone 14 ndi zam'mbuyo imatsala ndi 80 peresenti ya mphamvu zake ikatchajidwa maulendo 500 odzadza, pamene kuyambira iPhone 15 ndi maulendo 1000. Ku European Union kuyambira pa 20 Juni 2025 mafoni atsopano ayenera kupirira maulendo osachepera 800 ndipo amakhala ndi chikalata chosonyeza kulimba kwa batire komanso ngati foniyo ndi yosavuta kukonza, nde ngakhale simukhala kumeneko, ngati foni yomwe mukufuna imagulitsidwanso ku Ulaya fufuzani chikalatacho pa intaneti, chimakuuzani zomwe otsatsa sanena.

Za kutchaja mwachangu, ma 67W, 100W, 120W, ndi zoona zimathandiza, koma liwiro limenelo nthawi zambiri limatheka ndi tchaja ndi chingwe cha kampani yomweyo basi, mukaika tchaja ina imatsika. Ndipo onani ngati tchajayo ilimo m'bokosi, Apple inasiya kuikamo mu 2020 pa iPhone 12, Samsung inatsatira mu 2021 pa Galaxy S21, nde iwerengereni pamtengo. Chabwino n'chakuti pano pafupifupi onse ali pa kabowo kotchajira ka USB-C, Apple yomwe inasiya kabowo kake ka Lightning mu 2023 pa iPhone 15, lamulo la ku Ulaya lokakamiza USB-C lisanayambe kugwira ntchito mu Disembala 2024. Kungoti kabowo kofanana sikutanthauza liwiro lofanana, iPhone 15 wamba imasamutsa mafayilo pa liwiro lakale la USB 2 pamene 15 Pro ili pa USB 3, ngati mumajambula mavidiyo ambiri n'kumawatsitsira pa kompyuta kusiyanako mukumva.

Kamera ndi pomwe otsatsa amatipusitsira kwambiri. Mukamva 108 kapena 200 megapikiselo musanjenjemere. Galaxy S23 Ultra ili ndi kamera ya 200 koma mukangojambula osasintha chilichonse chithunzi chimatuluka cha 12, chifukwa foni imaphatikiza timadontho tambiri kukhala kamodzi kuti itole kuwala kokwanira, ndipo makamera a 50 ambiri amachitanso chimodzimodzi. Chomwe chimapanga chithunzi chabwino ndi kukula kwa sensa (kachipangizo kotola kuwala mu kamera), galasi lake, mmene pulosesa imakonzera chithunzicho, komanso OIS, kachipangizo koletsa kugwedera kuja. Musawerengenso makamera kumbuyo, mafoni ambiri otsika amaika atatu anayi koma awiri mwa iwo ndi a 2 megapikiselo omwe simudzawagwiritsa ntchito. Njira yoyesera ndi yosavuta, fufuzani zithunzi zomwe anthu wamba ajambula ndi foniyo usiku, m'nyumba, komanso mwana kapena galu akuthamanga, ndipo yang'anani mmene ikuonetsera khungu lakuda chifukwa mafoni ena amaliyeretsa kapena kulidetsa mopitirira. Masana dzuwa lili phwee foni iliyonse imajambula bwino.

Pa RAM, memori yomwe foni imagwiritsa ntchito poyendetsa ma apu, samalani ndi kalembedwe ka 8+8GB kapena kuti mpaka 16GB. RAM yeniyeni ndi 8 yoyambayo, inayo ndi sitoreji yomwe angoibwereka ndipo imachedwa kwambiri poyerekeza ndi yeniyeni. Sitoreji nayo ili ndi mitundu, eMMC ndi yochedwa, UFS ndi yothamanga, ndipo foni zina zomwe zimayamba kuzengereza pakatha chaka vuto limatha kukhala limeneli. Ine sindingalangize munthu kugula ya 64GB masiku ano, 128 ndi poyambira, 256 ngati mulibe pokaika memori khadi.

Nde tifike pa AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, mawu omwe pano akumatidwa pa chilichonse. Lamulo langa ndi limodzi, gulani chinthu chifukwa cha zomwe chikuchita lero mutachigwira m'manja, osati zomwe akuti chidzachita apudeti ikadzabwera. Mu Juni 2024 Apple inaonetsa Siri, pulogalamu yolankhula nayo pa iPhone, watsopano wodziwa zinthu za mwini foni, anthu anagula iPhone 16 akuyembekezera zimenezo, koma mu Malichi 2025 kampaniyo inavomera kuti zachedwa. Choopsa kwambiri ndi chomwe chinachitika ndi Humane AI Pin, kachipangizo kobaya pamalaya komwe ankati kadzalowa m'malo mwa foni, kanayamba kufika kwa ogula mu Epulo 2024, ikufika Febuluwale 2025 kampaniyo inagulitsa katundu wake kwa HP n'kuzimitsa ma seva, amene anagula anangotsala ndi kachitsulo kopanda ntchito chaka chisanathe n'komwe. Chipangizo chilichonse chomwe sichingagwire ntchito popanda seva ya kampani, kaya ndi wotchi, sipika, kamera ya pakhomo, dzifunseni kuti kampaniyo itatseka mawa chitsala ndi ntchito yanji. Komanso zinthu zambiri za AI ndi mapulogalamu chabe ndipo zimatsikira ku mafoni akale, Circle to Search, yofufuzira chinthu pa Google pongochizunguliza ndi chala pa sikirini, inabwera ndi Galaxy S24 ngati chinthu chapadera koma patangopita miyezi yochepa inafika pa S23 ndi ma Pixel akale. Pali zina zomwe zimafunadi foni yamphamvu, Apple Intelligence imayambira pa iPhone 15 Pro ndipo pa 15 wamba siyenda, nde ngati mumazifunadi fufuzani kaye kuti yanuyo ili pa mndandanda kapena ayi musanathamangire kugula.

Musaiwale kufunsa kuti achotsa chani, chifukwa pa siteji amangonena zomwe aonjezera. Kabowo ka mahedifoni kanayamba kusowa kuyambira iPhone 7 mu 2016 ndipo pano pa mafoni apamwamba ambiri kulibe, poika memori khadi naponso pakusowa, ndipo tsopano zafika pa simu khadi. iPhone 14 zogulitsidwa ku America zilibe poika simu, ndi eSIM yokha, simu yomangidwira mkati mwa foni yosatulutsika, ndipo iPhone Air ya 2025 ndi ya eSIM yokha dziko lonse. Ngati netiweki yomwe mumagwiritsa ntchito ilibe eSIM, kapena mumakonda kusinthasintha ma simu, foni yotero ikusowetsani mtendere, makamaka ngati wina akukubweretserani kuchokera kunja, mufunseni aone m'mbali ngati kathireyi kalipo. Za madzi, chizindikiro cha IP67 chimatanthauza kuti foni imapirira kuya kwa mita imodzi kwa mphindi 30 m'madzi oyera, IP68 imaposa pamenepo, koma timphira totsekato timatha ndi nthawi ndipo waranti nthawi zambiri siivomera foni yolowa madzi.

Zonsezi zikakukhutiritsani, dikiranibe mwezi umodzi. Mavidiyo a tsiku loyamba amapangidwa ndi anthu omwe apatsidwa foniyo masiku ochepa, ena mwa iwo alipidwa, ndipo mavuto enieni amaoneka foni ikafika m'manja mwa anthu ambiri. Galaxy Note 7 mu 2016 inayamikiridwa kwambiri itangotuluka, patapita masabata ochepa mabatire anayamba kuyaka mpaka Samsung inaitanitsa zonse n'kusiya kuipanga. Galaxy Fold yoyamba mu Epulo 2019 masikirini anawonongeka m'manja mwa atolankhani, inaimitsidwa mpaka Seputembala. Chinthu chikakhala choyamba cha mtundu wake, kaya ndi foni yopinda, magalasi a kamera, kaya mphete yoyeza kugunda kwa mtima, ine ndimadikira chachiwiri kapena chachitatu. Mukamafufuza pa YouTube lembani dzina la foniyo n'kuonjezera mawu oti pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mu Chingerezi, mupeza anthu omwe anagula ndi ndalama zawo akunena za kutentha, batire ndi netiweki.

Pamwezi womwewo yerekezani ndi foni ya chaka chatha ya kampani yomweyo, yomwe imatsika mtengo yatsopano ikangotuluka. Tsegulani masamba awiriwo pambali pa mnzake pa webusaiti yofotokoza za mafoni ya GSMArena, muwerenge mizere yomwe yasiyanadi, pulosesa, batire, sensa ya kamera yaikulu, zaka za ma apudeti zomwe zatsala. Ikakhala kuti mwasankha yogwiritsidwapo kale ntchito, imbani *#06# muone IMEI, nambala yapadera ya foniyo, ngati ikufanana ndi ya pabokosi, mwini wake atulutse akaunti yake ya iCloud kapena Google inu mukuona, aifufute yonse, ndipo muiyatse mulowetse akaunti yanu ndi simu yanu, muimbe foni imodzi, mutchaje pang'ono, musanamupatse ndalama.