Momwe mungabwezeretsere galaja yomwe inasandutsidwa chipinda

Ku Area 47 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre kuli nyumba zambiri zomwe kanjira ka galimoto kochokera pageti kamakathera pakhoma la windo limodzi. Pamenepo panali galaja. Eni ake anaitseka ndi njerwa kuti apeze chipinda cha anyamata, cha lendi kapena saluni. Ana akakula n'kuchoka, kapena akuba akazula batire pagalimoto yogona panja, maganizo oibwezeretsa amabwera. Ntchitoyi si yovuta, koma ili ndi ndondomeko yake, ndipo hamala imabwera mochedwa kuposa momwe amisiri ambiri amafunira.

1. Yambani ndi tepi

Yezani galimoto yomwe muli nayo lero, osati yomwe inkagonamo kale. Toyota Vitz sikwana mamita 4 m'litali, pomwe Hilux ya double cab imafika pafupifupi mamita 5.3. Galaja ya galimoto imodzi imafuna kuti mkati mwake mukhale mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, khomo lake mamita 2.4 m'lifupi ndi 2.1 kutalika. Ngati manambala akukuzunguzani, imikani galimoto pabwalo, tsegulani zitseko zonse ndi buti, jambulani pansi ndi choko mozungulira, kenaka yerekezani ndi chipindacho. Bafa lomwe linamangidwa pakona ndi lomwe kawirikawiri limadya malo.

2. Mapepala ndi anthu

Funani pulani yakale ya nyumbayo, chifukwa imaonetsa pomwe panali khomo. Kusintha kamangidwe ka nyumba mumzinda kumafuna chilolezo cha khonsolo, choncho kafunseni ku ofesi yoona za mapulani musanayambe. Ngati nyumba ndi ya lendi kapena ya Malawi Housing Corporation, chilolezo cha eni ake chikhale cholembedwa. Ngati muli munthu wa lendi m'chipindamo, mupatseni notisi monga munagwirizanirana.

3. Magetsi ndi madzi zichoke kaye

Zimitsani magetsi a chipindacho pabokosi la maswichi, ndipo itanani wamagetsi yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Khoma lomwe mukufuna kugwetsa nthawi zambiri limakhala ndi soketi, ndipo waya wake amadutsa mkati mwa pulasitala. Masoketi otsala awakweze apitirire mita imodzi kuchoka pansi, kuti asakumane ndi madzi kapena bampala. Paipi ya chimbudzi chochotsedwa itsekedwe ndi chotsekera chake chenicheni. Kungoitsindira pepala la simenti n'kuitana fungo ndi mphemvu.

4. Pezani lintala musanagwetse khoma

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Pamwamba pa khomo lakale payenera kukhala lintala, mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, womwe umanyamula njerwa za pamwamba ndi denga. Njerwa zomwe anatsekera pakhomo sizinyamula kanthu ngati lintalayo ilipo ndipo ili bwino.

Yang'anitsitsani khoma lakunja dzuwa likamawala chammbali. Mudzaona kamng'alu kowongoka kotsika mbali zonse ziwiri, pomwe njerwa zatsopano zinakumana ndi zakale. Gogodani: khoma lotsekera limakhala la njerwa imodzi yogoneka m'litali, lopyapyala, ndipo limalira mopepuka kusiyana ndi la nyumba. Tsopano tengani tchizulo, sendani pulasitala pamwamba pa mng'aluwo, malo aakulu ngati chikhatho, pakati ndi kumapeto konse. Mukufuna kuona konkire yotuwa yomwe yalowa m'khoma lakale masentimita 15 kapena kuposerapo mbali iliyonse.

Mukapeza njerwa zokhazokha, kapena lintala yomwe inadulidwa poika windo lalitali, kapena zitsulo zadzimbiri zikusuzumira, imani pomwepo. Pamafunika injiniya aone, denga lichirikizidwe ndi mizati, lintala yatsopano ithiridwe ndi kuuma, kenaka khoma ligwe. Mmisiri akakuuzani kuti “bwana, izi timapanga tsiku ndi tsiku, sizigwa”, mufunseni akuonetseni konkireyo ndi chala.

Zonse zikakhala bwino, chotsani windo, dulani m'mbali ndi girayinda kuti makona asagumuke, ndipo phwasulani kuyambira pamwamba kutsika, mzere ndi mzere. Njerwa zotuluka zamphumphu zisungeni, zidzagwira ntchito pangalande.

5. Pansi

Posandutsa galaja kukhala chipinda, ambiri amakweza pansi kuti pafanane ndi m'nyumba: amathira zigumu za njerwa ndi dothi, kasimenti kopyapyala pamwamba, kenaka matailosi. Pamenepo munthu amayenda bwinobwino, koma galimoto yolemera tani imodzi kapena ziwiri imaswa. Kumbani pakona imodzi muone. Mukapeza konkire yakale pansi pake, mwachita mwayi: chotsani zonse za pamwamba, matani ming'alu, basi. Matailosi osalala musawasiye ngakhale akhale okongola chotani, chifukwa akadontheredwa oilo kapena madzi a mvula amaterera koopsa.

Ngati konkire yakale inaphwanyidwa, thirani ina ya masentimita 10 kukhuthala padothi lotsenderedwa bwino, muikemo waya wa meshi. Muyezo wodziwika ndi 1:2:4, kutanthauza ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala ya kwale. Pansipo papendekere kukhomo, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, ndipo patsike pang'ono kuyerekeza ndi m'nyumba kuti madzi kapena mafuta otayika asalowe kuchipinda chochezera. Thirirani madzi masiku 7. Konkire imafika mphamvu yake pamasiku 28, ndiye galimoto ipirire kugona panja mpaka pamenepo. Ngati bwalo limatsetsereka kulowera kunyumba, kumbani ngalande kutsogolo kwa khomo mvula ya mu Disembala isanakupezeni.

6. Chitseko

Wowotcherera abwere kudzayeza pulasitala ndi pansi zitatha, osati zisanathe. Chitseko chachitsulo cha mbali ziwiri n'chotsikirapo mtengo ndipo wowotcherera aliyense amachikonza, koma chimafuna malo otsegukira, ndipo chimakhula pansi ngati bwalo ndi lokwera. Chopindira m'mwamba chimasunga malo, koma chimafuna mpata pamwamba pa khomo woti mpukutu wake ukhalepo. Loko akhale wamkati ngati pali khomo lolowera m'nyumba.

7. Mpweya

Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha komanso suoneka, koma umapha. Ngati timabowo ta mpweya tinamatidwa, titseguleni, kapena ikani tatsopano m'makoma awiri oyang'anana. Khomo lolowera m'nyumba likhale ndi chitseko cholimba chotseka bwino, osati katani, ndipo lisalowere kuchipinda chogona. Magetsi a ESCOM akazima, jenereta isalizidwire mugalaja ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo mbaula ya makala isalowemo, makamaka pomwe pali chigubu cha petulo.

Mashelefu akhale kukhoma lakumapeto kapena m'mwamba, m'mbali musiye mopanda kanthu kuti zitseko za galimoto zizitseguka. Tsiku loyamba kulowetsa galimoto, wina aime kutsogolo azikuuzani. Mukaima pabwino, chongani pomwe matayala akutsogolo afika, ndipo khomerani thabwa lokhuthala pamenepo ndi mabawuti kuti tayala lizigunda thabwalo bampala isanafike kukhoma.